Za Lynda La Plante, mlembi wa Prime Suspect, ndi buku loyenera kuyamba nalo

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti mayi amene analemba Prime Suspect, sewero la apolisi la pa kanema la ku Britain, anayamba ndi kuchita zisudzo, mmene anafikira polemba nkhani za upandu, ndiponso buku lake loti muyambe nalo. N'zoona ndithu. Dzina lawo ndi Lynda La Plante. Anabadwa m'chaka cha 1943, anakulira ku Liverpool, ndipo zisudzo anakaphunzira ku RADA, sukulu yotchuka ya mu London. Pa ntchito ya zisudzoyo ankadziwika ndi dzina loti Lynda Marchal, n'chifukwa chake mukafufuza dzina la La Plante pa masewero akale simuwapeza. Anaonekako m'masewero a apolisi a pa kanema monga Z-Cars, The Sweeney ndi The Professionals, komanso m'sewero la ana lotchedwa Rentaghost. Mbali zambiri zimene ankapatsidwa zinali zing'onozing'ono, zongolowa, kunena mawu angapo n'kutuluka.

Mbali zing'onozing'onozo ndi zimene zinawakankhira ku zolemba. Akusewera mu The Gentle Touch, sewero lina la apolisi, anaona kuti mawu amene akazi ankapatsidwa sankafanana ndi mmene akazi enieni amalankhulira. Analemba mwachidule maganizo a nkhani zingapo n'kutumiza kwa opanga masewero. Ambiri anakanidwa, koma amodzi anakopa chidwi, ndipo ndi amene anabala Widows, sewero la magawo 6 limene Euston Films inapanga n'kuonetsedwa pa wailesi ya kanema ya ITV mu 1983.

Widows ndi yofunika kuimvetsa chifukwa luso lawo lonse lili kale mmenemo. Mbava zafa pamene chiwembu chawo chobera galimoto yonyamula ndalama chapheduka, moto utabuka. Dolly Rawlins, mkazi wa mtsogoleri wa gululo, wapeza mabuku amene mwamuna wake Harry ankalembamo ndondomeko ya ntchito zake zonse: maina, nthawi, njira. Waitana amasiye anzake awiri, Linda ndi Shirley, kuti amalize okha chiwembucho. Tsono apa ndi pamene pamaoneka mutu wa mlembi. Akazi aja atayamba kuyeserera apeza kuti anthu atatu sangakwanitse, ntchitoyo imafuna anayi. Ndiye kuti tsiku la ngozi lija panali mwamuna wachinayi amene anathawa. Funso loti munthuyo ndi ndani ndi limene likunyamula nkhani yonse, ndipo silinachokere kumwamba ayi, latuluka m'kuwerengetsa ntchito yeniyeniyo: woyendetsa galimoto yotsekereza kutsogolo, odula, wonyamula. Ann Mitchell ndi amene anasewera Dolly. Filimu ya Widows ya 2018, imene anatsogolera Steve McQueen ndipo muli Viola Davis, inatenga nkhani yomweyi n'kuisamutsira ku Chicago.

Prime Suspect inabwera mu 1991 kuchokera ku Granada Television, Helen Mirren akusewera wapolisi Jane Tennison. Asanalembe, mayiwa anapempha apolisi a mu London kuti awalumikize ndi wapolisi wamkazi wa udindo waukulu pa zofufuzafufuza. Nthawi imeneyo akazi otere anali owerengeka pa zala. Anawapatsa Jackie Malton, amene anagwirapo ntchito mu Flying Squad, gulu lothana ndi mbava za mfuti. La Plante anakhala naye nthawi yaitali, kumva mmene amuna anzake a pa ntchito ankamuchitira, kuona chipinda chimene gulu lofufuza mlandu limakumaniramo, kupita kumene amapima mitembo, kulankhula ndi akatswiri a za magazi ndi zidindo za zala. Njira yawo ndi imeneyo mpaka pano: kuyamba aona ntchito mmene imayendera, nkhani ibwere pambuyo. Bungwe la akatswiri ofufuza umboni mwa sayansi ku Britain linafika powapatsa umembala waulemu chifukwa cha kulondola kwa zolemba zawo.

Kuti muimve bwino nkhaniyi, dziwani kaye maudindo, omwe sakusiyana kwenikweni ndi a polisi ya kwathu kuno poti tinatengera komweko: konstabo, sajeni, insipekitala, kenako Chief Inspector, pamwamba pake Superintendent. Tennison ndi Detective Chief Inspector, udindo woyenera kutsogolera mlandu wakupha, koma mabwana akhala akumulambalala. Mpata waupeza pokhapokha John Shefford, amene amatsogolera mlanduwo, atamwalira mwadzidzidzi ndi nthenda ya mtima. Dziwaninso za wotchi. Lamulo la ku England la 1984 limalola apolisi kusunga woganiziridwa maola 24 asanamutsegulire mlandu. Superintendent angathe kuwonjezera kufika 36, ndipo khoti la majisitireti lingafikitse pa 96, osapitirira. Nthawi ikatha umboni usanakwane, munthu amatuluka m'chitokosi. Mantha a mu Prime Suspect akuchokera pamenepo, osati pa kuthamangitsana ndi magalimoto.

Onaninso zimene zikulakwika m'kafukufukuyo, chifukwa ndi zolakwika zenizeni za ntchitoyi. Gulu la Shefford, pothamangira kutseka mlandu msanga, lanena kuti mtembo ndi wa Della Mornay pamene ndi wa mtsikana wina, Karen Howard. Dzina la womwalira likalakwika, zonse zomangidwa pamwamba pake zimagwa: mboni zofunsidwa ndi zolakwika, nthawi yomaliza kuonedwa ndi yolakwika. George Marlow, woganiziridwayo, ndi munthu waulemu, woyankha modekha, ndipo mkazi amene amakhala naye akuikira umboni kuti anali kunyumba. Galimoto yake, imene ikanapereka umboni, yasowa. Kumbali inayi sajeni Bill Otley akubisa mapepala pofuna kuteteza mbiri ya bwana wake womwalirayo ndi kugwetsa Tennison. Woganiziridwa timamudziwa kuyambira pachiyambi. Funso si lakuti wapha ndani, koma ngati umboni ungapezeke woti n'kuima nawo m'khoti. Kwa ine apa ndi pamene mayiwa amaposa alembi ambiri a nkhani zoterezi, ndipo khutu la munthu wa zisudzo limamveka pofunsa mafunso: aliyense m'chipindamo ali ndi chimene akufuna ndi chimene akubisa, ngakhale wa mawu awiri okha.

Chenjezo limodzi, si Prime Suspect yonse imene analemba iwo. Yoyamba ndi yachitatu ndi zawo, yachiwiri anapereka nkhani koma inalembedwa ndi Allan Cubitt, ndipo zotsatira mpaka yomaliza ya 2006 zinalembedwa ndi anthu ena. La Plante anali atatsegula kampani yawoyawo, imene inatulutsa The Governor ndi Trial & Retribution, sewero lotsatira mlandu kuyambira pa malo a upandu mpaka chigamulo, limene linayenda kuchokera 1997 mpaka 2009. Ulemu wa boma la Britain wotchedwa CBE anapatsidwa mu 2008, ndipo mu 2024 analandira mphoto ya Diamond Dagger ya bungwe la alembi a nkhani za upandu ku Britain.

Tsopano za mabuku, pamene ambiri amasokonezeka. Pali magulu angapo, ndipo gulu lililonse lili ndi wapolisi wakewake. Ngati mwakonda Tennison, yambani ndi buku lotchedwa Tennison la 2015. Likubwerera ku 1973, Jane ali ndi zaka 22, wangoyamba kumene ntchito pa polisi ya ku Hackney mu London, akutumidwa tiyi ndi kulemba mapepala. Kulibe DNA, kulibe foni ya m'manja, kulibe kompyuta, zonse ndi makadi, miyendo ndi kugogoda pa makomo. Likatha limenelo pitani ku Hidden Killers, kenako Good Friday ndi Murder Mile. Gululi lili ndi mabuku 10 ndipo likuthera pa Whole Life Sentence la 2024, pafupi ndi pamene sewero la 1991 likuyambira. Muwawerenge motsatana, chifukwa Jane akukwera udindo buku ndi buku ndipo anthu ena amabwereranso. Mukadumpha mudzapeza akukambirana zinthu zimene simunazione.

Gulu lachiwiri ndi la Anna Travis, mabuku 9 kuyambira Above Suspicion la 2004, lotsatira lake The Red Dahlia, mpaka Wrongful Death la 2013. Awa ndi a nthawi ya makamera a m'misewu ndi DNA, ndipo milandu yake ndi yolemera kwambiri. Gulu la Jack Warr likuyamba ndi Buried la 2020, koma limeneli musaligwire musanawerenge mabuku a Widows, Widows' Revenge ndi She's Out, chifukwa mlandu wa mu Buried ukukumba zimene Dolly Rawlins ndi anzake anasiya, ndipo udzakuululirani mathero a mabuku atatu onsewo.

Kunena zoona, mayiwa si mlembi wa chiganizo chokongoletsa. Chingerezi chawo n'chosavuta, mitu ndi yaifupi, anthu amalankhula kwambiri ngati pa sewero, zimene zimathandiza munthu amene Chingerezi si chiyankhulo chake choyamba. Pena amachulutsa tsatanetsatane wa misonkhano ya apolisi mpaka nkhani kuchedwa. Ndipo safewetsa zinthu: kupima mitembo, nkhanza kwa amayi, zonse amazilemba poyera, choncho si mabuku opatsa mwana wa kupulayimale. Sewero la Prime Suspect 1973 limene ITV inaonetsa mu 2017 linachokera m'buku la Tennison, koma iwo anasiyana maganizo ndi opanga ake n'kuchokamo, ndipo linathera pa magawo 6 okha. Mukafuna Jane wachitsikana mmene mwini wake anamulembera, tengani bukulo.