Scandium m'Chinyanja timati chiyani, nanga ndi chitsulo?

Funso la sabata ino lachokera kwa amayi ena omwe amaphunzitsa sayansi pa sekondale ina ku Matero. Akuti pofotokozera ana za tebulo lija la ma element (zinthu zoyambira zomwe zimapanga zinthu zonse) anafika pa nambala 21, scandium, ndiye mwana wina anakweza dzanja nkufunsa kuti m'Chinyanja timati chiyani, iwo nkusowa choyankha. Afunsanso ngati nkoyenera kumutchula chitsulo, poti kwa ambiri chitsulo ndi chija chimachita dzimbiri chikanyowa.

Zikomo kwambiri amayi, mwana ameneyo mumuyamikire, wafunsa zenizeni.

Dzina lachikolo palibe, ndipo tisavutike kulipeka. Makolo athu ankasula makasu ndi nkhwangwa, mkuwa ankaudziwa bwino, koma ichi sanachionepo. Ngakhale ku Ulaya anachidziwa mochedwa. Anachitulukira ndi Lars Fredrik Nilson wa ku Sweden mu 1879, ndipo anachitcha dzinali potengera mawu oti Scandia, dzina la Chilatini la dera la kwawo la Scandinavia. Ndiye dzinalo tingobwereka basi, monga tinabwerekera golide ndi siliva.

Kalembedwe kake ine ndimati sikandiyamu. Chifukwa chake nchoti chilankhulo chathu sichilola s ndi k kugundana popanda vawelo pakati, tamverani mmene timanenera siketi, sikelo, sikono, onsewa tinalowetsamo i. Kumapetonso liwu lathu silithera pa m, ndiye timatsata njira ija ya aluminiyamu ndi yureniyamu. Koma chizindikiro chake Sc musachisinthe ayi, ana akalemba Si pa mayeso ndiye kuti alemba silicon, chinthu china.

Manje pa kagwirizanidwe ka mawu, apa mpomwe ambiri amapunthwa. Timati golide woyengeka, siliva wanga, ndiye sikandiyamu naye alowa gulu lomwelo: sikandiyamu ndi wopepuka, sikandiyamu amadula. Mukayamba ndi liwu loti chitsulo mpamene mumati chitsulo cha sikandiyamu nchopepuka. Kusakaniza ziwirizi, kunena kuti sikandiyamu chopepuka, khutu limakana.

Za chitsulo zija. Liwuli limasenza katundu muwiri, limatanthauza chitsulo chenicheni cha makasu ndi misomali, komanso mtundu wonse wa zinthu zotere, nchifukwa chake timatha kunena kuti zitsulo monga mkuwa ndi aluminiyamu ndipo palibe amadabwa. Kuno ku Lusaka ambiri timati nsimbi, pitani ku Kalingalinga mukamve anyamata owotcherera mageti aja, zonse kwa iwo ndi nsimbi. M'kalasi nenani kuti sikandiyamu ndi mtundu wa chitsulo, mawu oti mtundu wa ndi amene amachotsa chisokonezo.

Ndipo anawo muwapatse chithunzi, asangoloweza dzina. Ndi woyera ngati siliva koma akakhala pampweya amayamba kuoneka chikasu pang'ono kapena kufiirira. Kupepuka kwake akuyandikana ndi aluminiyamu, komano aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 a Celsius pomwe uyu mpaka 1541. Ntchito yake yaikulu ndi kuthiridwa pang'ono chabe mu aluminiyamu, ngati mchere m'ndiwo, ndiye aluminiyamuyo amalimba kwambiri ndipo sang'aluka msanga powotcherera, izi wowotcherera aliyense amene anavutikapo ndi aluminiyamu angazimvetse. Ku Soviet Union ankamugwiritsa ntchito m'ndege zankhondo za MiG, lero alinso m'mafelemu a njinga zina zampikisano, komanso m'mababu ena owala kwambiri omwe kuwala kwake kumafanana ndi kwa dzuwa. Kudula kwake sikuti m'nthaka mulibe, alimo ndithu koma ndi womwazikana, sapezeka mulu pamalo amodzi ngati mkuwa wa ku Copperbelt, ndiye kawirikawiri amamupeza poyenga miyala ya zitsulo zina. Apa liwu labwino ndi womwazikana, osati wosowa.

Chomwe ine chimandisangalatsa, ndipo anawo adzachikonda, nchoti Dmitri Mendeleev wa ku Russia, amene anakonza tebulo lija mu 1869, anasiya mpata pamalo pake nkunena kuti pali chinthu chomwe sichinapezeke, anachitcha ekaboron, nkufotokozeratu kulemera kwake. Nilson atachipeza, wasayansi mnzake Per Teodor Cleve ndi amene anazindikira kuti ndi chomwe chija. Pofotokoza izi ndamvapo ena akuti Mendeleev analota, ayi, kulota ndi kwa kutulo. Nenani kuti ananeneratu, kapena analosera, ngakhale kulosera kuli ndi kafungo ka ula, ndiye pa sayansi ine ndimasankha ananeneratu.