Malonda a mipeni ya baketi ya loda

Achimwene, mwafunsa mmene malonda obweretsa mipeni ya kukamwa kwa baketi ya loda (makina onyamulira dothi ndi miyala) amayendera kuno ku Lusaka. Amayenda ndithu, koma si salaula yoti mungogula bhelo n'kudzaona kutsogolo.

Ine ndimakagula ku Johannesburg. Lole imadzera ku Beitbridge ndi Chirundu, kapena ku Botswana n'kuwoloka mlatho wa Kazungula womwe unatsegulidwa mu 2021. Pachipata a ZRA, bungwe lotolera misonkho ku Zambia, amafuna invoyisi, VAT ndi 16 peresenti, ndiye pezani ejenti wodziwa mapepala. Ngati chitsulocho chinapangidwa ku South Africa komweko, pemphani setifiketi ya SADC yosonyeza dziko limene katunduyo anapangidwira, imachepetsa msonkho. Kumbukiraninso kulemera: mpeni wokhuthala 20mm wa mamita awiri ukhoza kupitirira makilogalamu 50, ndipo wa lole amalipiritsa zimenezo.

Koma ndalama zimatayikira pa muyeso. Musanyamuke musanakayeze baketi ya kasitomala ndi manja anu: kutalika kwake, kukula kwa mabowo, mtunda wapakati pa bowo ndi linzake. Akangotchula kampani yopanga lodayo kuti "ndi ya JCB" pafoni, musakhutire, chifukwa mabaketi ambiri anawotchereredwapo kale ndipo sakufanananso ndi a m'buku. Chitsulo cholimba ngati Hardox sichibooleka ndi drilu wamba. Mabowo akaphonyana, mpeniwo ugona m'shopu mwanu.

Ine sindigulitsa mpeni wopanda mabawuti ake, aja a mutu wobisala, ndi manati atsopano. Akale amakhala atatha mphamvu. Pomanga, kasitomala achotse dzimbiri ndi dothi pansi pa baketi, alowetse mabawuti onse kaye, kenako amange kuyambira pakati kupita kumbali. Loda ikagwira ntchito pang'ono amangenso, popeza amakhwefuka. Wofuna mpeni wowotcherera ndimamuuza atenthetse chitsulo kaye ndipo agwiritse ndodo zowotcherera za 7018, apo ayi chimang'aluka.

Chimene chimandiwawa ndi kuona munthu akudikira mpaka mpeni wadyeka kufika pa mabawuti. Mpeni wakuthwa mbali zonse ziwiri amautembenuza kukadali nthawi, n'kugwiranso ntchito. Akachedwa, mlomo wa baketi umayamba kudyeka, ndipo kukonza kwake n'kodula kuposa mpeni.

Alimi a ku Chisamba ndi Mkushi mipeni yawo imakhalitsa. Obwera pafupipafupi ndi onyamula miyala ndi mchenga cha ku Chilanga, ndiye yambani kucheza ndi amenewo.