Punk inayambira ku America

Achimwene, punk, yomwe ndi mtundu wa nyimbo za rock zaukali, inabadwira ku America, ndipo London inangoilandira n'kuikuza. Gulu la The Stooges la Iggy Pop, lochokera mumzinda wa Ann Arbor ku America, linatulutsa chimbale chake choyamba mu 1969, ndipo ndikachimvetsera ndimamvamo kale ukali wa gitala umene a Sex Pistols, gulu la punk la ku London, anadzatchuka nawo pambuyo pake. Ku New York, a Ramones anayamba kuimba mu bala ya CBGB mu 1974, ndipo chimbale chawo cha 1976, chimene ndimachikonda koposa, chili ndi nyimbo 14 zosakwana mphindi 30 zonse pamodzi. Mukafuna kugula zimbale zoyambirirazi pa mtengo wokwera, muyambe mwafunsa katswiri wodziwa zimbale zakale kuti atsimikize ngati zilidi zenizeni.