Zokometsera chakudya zabwino zimagulidwa kuti mumzinda?

Amayi ena andilembera imelo yodandaula. Akuti asamukira kumene mumzinda waukulu, ndipo masipaisi amene akugula musitolo yapafupi ndi kwawo sakumveka n'komwe m'chakudya, ngakhale athire ochuluka bwanji. Funso lawo n'lakuti: poti ndine mlendo kuno, malo abwino ogulako zokometsera ndingawapeze bwanji?

Amayi, zikomo pondilembera. Sindikutchulirani dzina la sitolo, chifukwa sitolo yabwino chaka chino ikhoza kusintha mwini chaka chamawa. Chofunika kudziwa n'chakuti mukufunafuna malo amene katundu wake sagonera.

Fungo la kumini, sinamoni kapena kadamamu lili m'timafuta timene timauluka tikakumana ndi mpweya. Njere ikakhala yathunthu, khungu lake limatsekera timafutato, ndipo imatha zaka ikadali ndi mphamvu. Ikangoperedwa, fungo limayamba kuthawa tsiku lomwelo, ndipo pakatha miyezi ingapo mumatsala ndi ufa wamtundu wokongola koma wozizira. Kuwala, kutentha ndi chinyontho zimafulumizitsa zimenezi. N'chifukwa chake sitolo yaikulu, yowala magetsi usana ndi usiku, yandandalika timabotolo tagalasi pashelefu, kawirikawiri imagonja kwa kashopu kopanikizana kamene thumba la tsabola limatha sabata isanathe. Kabotolo kanu kaja mwina sikabodza ayi. Kangokalamba basi.

Nanga kashopu koteroko mukapeza bwanji? Tsatirani anthu amene sangaphike tsiku ndi limodzi lomwe popanda zokometserazo. Mizinda ikuluikulu yambiri ili ndi dera kumene kumakhala kapena kugulitsa malonda anthu ochokera ku India, Pakistan, Ethiopia kapena mayiko a Aluya, ndipo mashopu awo amagulitsa kwa makasitomala odziwa, amene akapatsidwa chinthu chozizira amakachibweza. Njira ina yachidule ndi kufunsa ophika m'malesitilanti. Mukadya penapake chakudya n'kukukomerani, dikirani nthawi imene anthu achepa, mupemphe kulankhula ndi wophikayo, osati woperekera zakudya, mumufunse kumene amaoda. Ambiri amanena mosavuta, amanyadira kuti mwafunsa. Nthawi zambiri akulozerani kwa opikulitsa, ndipo opikulitsa ena amalola kukupimirani pang'ono mukawapempha mwaulemu.

Samalani ndi misika imene alendo odzaona malo amakonda kujambulako zithunzi. Milu ya ufa wofiira ndi wachikasu yosongoka bwino, ngati ija ya mumsika wotchuka wa zokometsera ku Istanbul m'dziko la Turkey, imakoma m'maso, koma ufa wapamwamba pa mulu wakhala pamtetete, pa fumbi ndi mpweya, tsiku lonse. Mukagula pamalo otere, pemphani kuti akutapireni m'thumba lotseka la kuseri.

Mukafika pashopu, mphuno yanu ndiyo igwire ntchito. Wogulitsa wokana kuti mununkhize, musiyeni. Tengani kanjere kamodzi ka cloves (timphukira touma ta maluwa tooneka ngati timisomali), mukakanikize ndi chikhadabo: kabwino kamatulutsa kamafuta pang'ono ndipo fungo limakutsalirani pachala, pomwe kakale kamangothyoka ngati kamtengo kouma. Kadamamu akhale wobiriwira ndi wonenepa, ndipo mukamuswa, timbewu tam'kati tikhale takuda, tomatirira pang'ono. Kumini mupekeseni m'manja kenaka mununkhize. Yang'ananinso pansi pa thumba kapena chitini: timabowo panjere, ufa wosadziwika kumene wachokera, kapena tiulusi tonga ukonde wa kangaude, ndiye kuti tizilombo tadyamo kale. Tsabola wouma amene akununkha chinyontho kapena ali ndi madontho a nkhungu musagule ngakhale atakutsitsirani mtengo, chifukwa nkhungu ina imasiya poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo satha ndi kuphika.

Sinamoni ndiye amasokoneza anthu ambiri. Alipo wa ku Sri Lanka, wopyapyala, wokulungidwa mapepala angapo mkati mwa kamtengo kamodzi, amene amafumbutuka mukamufinya ndi zala. Aliponso wotchedwa cassia, wochokera kwambiri ku China, Indonesia ndi Vietnam, khungwa limodzi lokhuthala ndi lolimba, lofiirira moderapo. Onse awiri ndi abwino kuphikira, ine ndimakonda ukali wa cassia m'zakudya zina, koma cassia ali ndi coumarin wambiri, chinthu chimene chimavutitsa chiwindi munthu akamachidya chochuluka tsiku ndi tsiku. Wogulitsa amene angakuuzeni kuti wakeyo ndi uti pa awiriwa, ameneyo amadziwa malonda ake. Funso limodzi lomweli likhoza kukusiyanitsirani mashopu asanu.

Palinso nkhani ya chinyengo, ndipo si yaing'ono. Mu 2021 bungwe la European Union linatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anapima zokometsera pafupifupi 1,900 zotengedwa m'mayiko a ku Ulaya. Pa 100 zilizonse, 17 zinkakayikitsa kuti zasakanizidwa ndi zinthu zina, ndipo pa oregano, amene ndi timasamba touma tonunkhira, zinali pafupifupi theka, nthawi zambiri atasakaniza ndi masamba a olivi. Kumeneko ndi kumayiko kumene malamulo a chakudya ndi okhwima. Mu 2005 ku Britain anachotsa m'masitolo mitundu ya zakudya yoposa 500 atapeza kuti ufa wa tsabola umene unalowa m'zakudyazo unali ndi utoto woletsedwa wotchedwa Sudan I. Ndipo mu 2019 akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anaonetsa kuti ku Bangladesh ena ankapaka tameriki utoto wokhala ndi mtovu kuti aoneke wachikasu kwambiri. Mtovu umawononga ubongo wa ana. Choncho ufa wowala mopitirira muyezo, umene ukusiya utoto m'madzi nthawi yomweyo, ine umandichititsa mantha m'malo mondikopa.

Apa ndiye pamene ndimasiyanitsa. Zimene mungathe kusinja nokha, monga tsabola wakuda, kumini, koriyanda, kadamamu ndi cloves, gulani zathunthu kwa wogulitsa wa patebulo kapena kashopu kaja, chifukwa njere n'njovuta kunamizira. Tsabola wakuda ena amamusakaniza ndi nthangala zouma za papaya, koma mukayang'anitsitsa muona kuti nthangalazo n'zotalikirapo ndi zopepuka, ndipo mukaziluma siziwawa ngati tsabola. Koma zimene zimavuta kupera kunyumba, monga tameriki ndi ufa wa tsabola wofiira, musagule zapamtunda zopanda dzina. Pamenepa sitolo yaikulu ija imapambana: tengani paketi yomata, yolembedwa dzina la kampani, dziko lochokera ndi tsiku limene anapakira, ndipo musankhe ya tsiku laposachedwa, imene kawirikawiri amaibisa kumbuyo kwa shelefu.

Za safironi, tiulusi tofiira ta m'kati mwa maluwa timene timakometsa chakudya n'kuchipatsa mtundu wachikasu, ndinene mwachidule. Kuti apeze kilogalamu imodzi pamafunika maluwa pafupifupi 150,000 othyola ndi manja, ndipo wambiri amachokera ku Iran. Wina akakupatsani phukusi lalikulu pamtengo wotsika, amenewo ndi maluwa a chomera china chotchedwa safflower kapena tiulusi tonyika mu utoto. Weniweni mukamuika m'madzi ofunda amatulutsa chikasu pang'onopang'ono, kaulusiko n'kukhalabe kofiira.

Mukapeza malo amene mwawakhulupirira, gulani zochepa, zoti zithe m'miyezi iwiri kapena itatu, ndipo muzibwerera komweko mpaka wogulitsayo akudziweni nkhope. Kasitomala wodziwika ndiye amauzidwa tsiku limene katundu watsopano wafika. Kunyumba sungani m'mabotolo otseka bwino, m'kabati yamdima, osati pamwamba pa chitofu pamene nthunzi imafika, ndipo musamathire mumphika mwachindunji kuchokera m'botolo, tapani ndi supuni youma.

Timabotolo timene muli nato kale musafulumire kutaya, amayi. Thirani pang'ono mupoto wouma, mutenthetse pamoto wochepa kwa mphindi imodzi mukutakasa. Fungo likadzuka, gwiritsani ntchito, mungowonjezera muyezo. Likapanda kudzuka, khuthulani ufawo, mutsuke kabotoloko, kaume bwinobwino, mudzaikemo njere zimene mukagule.