Mafunso ndi mayankho: Ndiyambire buku liti pophunzira mbiri ya hadith?

Funso: Kawirikawiri ndimamva mashehe akuti "hadith iyi ili mu Bukhari" kapena "iyi ndi yofooka". Ndikufuna kudziwa mmene mabuku amenewa anayambira. Chiarabu sindichidziwa kwenikweni, koma Chingerezi ndimawerenga. Ndiyambire pati?

Yankho: Musayambire Sahih Bukhari. Ambiri amathamangira komweko n'kutopera panjira, chifukwa bukulo limakupatsani mahadith enieniwo, ndiye kuti nkhani za mawu ndi zochita za Mtumiki Muhammad, silikuuzani mmene anasonkhanitsidwira. Yambani ndi buku lofotokoza mbiri yonse. La Muhammad Zubayr Siddiqi lotchedwa Hadith Literature linasindikizidwa koyamba ku Calcutta mu 1961, n'kukonzedwanso mu 1993. Ndi lalifupi komanso losavuta. La Jonathan Brown, Hadith: Muhammad's Legacy in the Medieval and Modern World, linatuluka mu 2009 ndipo limapita patali, mpaka kukhudza mabuku a Ashia monga al-Kafi ya al-Kulayni. Ngati mungapeze limodzi lokha, tengani la Brown.

Powerenga khalani ndi kope, muzilemba dzina la wolemba aliyense ndi chaka chimene anamwalira. Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, anamwalira mu 632. Al-Zuhri, mmodzi mwa oyamba kusonkhanitsa mahadith mwadongosolo, anamwalira mu 742. Malik wa ku Madina, mwini Muwatta, mu 795. Abd al-Razzaq, mwini Musannaf, mu 827. Ahmad ibn Hanbal mu 855. Bukhari mu 870. Muslim mu 875. Al-Nasa'i mu 915. Mukaziyala chonchi muona nokha kuti Bukhari sanayambitse ntchitoyi, anaipeza ili mkati. Samalani ndi kalendala: buku likalemba kuti Bukhari anamwalira mu 256, likuwerenga zaka za Hijra, kalendala ya Chisilamu, ndipo ndi chaka chomwecho cha 870. Osakaniza makalendala awiriwa amasokoneza mibadwo yonse.

Onetsetsaninso kasanjidwe ka buku lililonse. Musannaf amasanja potsata mitu, monga swala, zakat (chopereka) ndi malonda. Musnad, monga wa Ahmad, amasanja potsata Swahaba (mnzake wa Mtumiki) amene anafotokoza hadith, n'chifukwa chake kufufuzamo nkhani ya kusala ndi chintchito.

Mukamaliza, phunzirani mawu a akatswiri. Isnad ndi mndandanda wa anthu amene anapatsirana hadith, matn ndi mawu ake enieni. Kabuku ka Muhammad Mustafa Azami ka 1977, Studies in Hadith Methodology and Literature, kamafotokoza bwino zimenezi. Cholakwika chofala ndicho kuyesa kuti da'if ndi mawdu' n'chimodzimodzi. Ayi. Da'if ndi yofooka, mwina chifukwa mndandanda unaduka kapena wofotokoza wina anali woiwalaiwala. Mawdu' ndi yopeka. Nukhbat al-Fikar ya Ibn Hajar, yemwe anamwalira mu 1449, ndi yamasamba ochepa koma yothinana kwambiri, choncho muiwerenge ndi mphunzitsi. Muqaddimah ya Ibn al-Salah, yomwe imagawa maphunzirowa m'mitundu 65, idikire kaye.

Funso: Mnzanga akuti akatswiri a ku Ulaya anatsimikiza kuti mahadith ambiri ndi opeka. Kodi mabuku awo ndiwawerenge?

Yankho: Awerengeni, koma pomaliza, ndipo muwerenge mbali zonse. Ignaz Goldziher mu 1890 analemba kuti mahadith ambiri amasonyeza mikangano ya mibadwo yapambuyo pa Mtumiki. Joseph Schacht mu 1950 anawonjezera kuti ma isnad ankatalikitsidwa chobwerera m'mbuyo kuti afike kwa Mtumiki. Mawu oti "anatsimikiza" ndi amene akulakwika, pakuti nkhaniyi sinathere pamenepo. Azami anayankha mu Studies in Early Hadith Literature, posonyeza kuti kulemba kunayamba kale kwambiri, kenaka analemba buku lathunthu lotsutsa Schacht. Harald Motzki, wa ku Germany, anasanthula Musannaf ya Abd al-Razzaq n'kupeza kuti zambiri za mmenemo zingalondoledwe kufika ku mibadwo yoyambirira kuposa mmene Schacht ankaganizira. Wosadziwa isnad sangathe kuweruza mkanganowu, amangotengeka ndi buku limene wawerenga komaliza.

Funso: Nambala ya hadith imene ndinapatsidwa sikugwirizana ndi ya m'buku langa la Bukhari. Buku langa ndi lolakwika?

Yankho: Silolakwika. Manambala anaikidwa ndi osindikiza apambuyo, ndipo amawerenga mosiyana. Bukhari amabwerezanso hadith imodzi pamitu ingapo: ndi zobwereza zonse alipo oposa 7,000, popanda zobwereza pafupifupi 2,600. Pofufuza gwiritsani ntchito dzina la kitab ndi la bab, ndiye kuti gawo ndi mutu, pamodzi ndi dzina la Swahaba amene anaifotokoza.