Harmonic balancer ya galimoto yakale: kuidalira mpaka liti, ndi kuisintha motani

Funso: Ndili ndi Ford Mustang ya 1968 ya injini ya 302 (nambalayi ndi kukula kwa injini m'ma cubic inch), ndipo yakhala zaka zambiri m'galaja moti sinayende mtunda wochuluka. Ndikatchera taimingi (nthawi imene mapulagi amapereka moto) motsatira zizindikiro za pa harmonic balancer, injini imafooka ndi kutentha, koma ndikatchera pomvetsera ndi khutu imakoka bwino. Makaniko wina wandiuza kuti balancer yatha. Kodi chitsulo chingathe bwanji galimoto ili chiimire? Ndapezanso ina yochotsedwa pa Mustang ya 1988, kodi ndingaiike m'malo mwake?

Yankho: Makaniko wanuyo akuganiza bwino, bambo, ngakhale kuti mawu ake ayenera kutsimikizidwa musanagule chilichonse. Harmonic balancer si chitsulo chimodzi ngati momwe imaonekera. Ili ndi chitsulo chapakati chimene chimalowa mothina kumutu kwa crankshaft (mtanda waukulu wa injini umene mapisitoni amazungulitsa), mkombero wolemera wakunja, ndi rabala wopanikizidwa pakati pa ziwirizi. Nthawi iliyonse mafuta akaphulika m'silinda, pisitoni imakankha crankshaft mwamphamvu moti imapotoka pang'ono kenako n'kubwerera, ndipo zimenezi zimachitika kanayi pa kuzungulira kumodzi kwa injini ya masilinda 8. Pali liwiro lina limene kupotokaku kumagwirizana ndi kanjenjemeredwe kachibadwa ka crankshaft, ndipo pamenepo kumakula mpaka kudya ma bearing, kutopetsa tcheni cha taimingi, ngakhale kuthyola crankshaft yeniyeniyo. Mkombero wakunja, chifukwa cha kulemera kwake, umatsalira m'mbuyo pang'ono crankshaft ikapotoka, ndipo rabala amameza mphamvuyo n'kuisandutsa kutentha. Vutoli linasautsa kwambiri opanga injini zazitali za masilinda 6 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo Frederick Lanchester ndi mmodzi wa akatswiri oyamba amene anapanga chipangizo chothana nalo. N'chifukwa chake Volkswagen Beetle yakale, yomwe crankshaft yake ndi yaifupi, inkangokhala ndi pulley wamba, pamene injini yanu singayende bwino kwa nthawi yaitali popanda balancer.

Chimene chimatha, tsono, ndi rabala, ndipo rabala sawerengera makilomita okha. Amauma ndi zaka, ndi kutentha kwa injini, ndi mpweya, ndipo oyilo wodontha kuchokera pa seal yakutsogolo amamufewetsa mpaka kutupa. Rabala wa 1968 wadutsa zaka 50, ndipo kukhala m'galaja sikunamuimitsire ukalamba. Akauma sagwiranso ntchito yomeza kunjenjemera, ndipo akamasuka mkombero wakunja umayamba kutsetsereka mozungulira chitsulo chapakati. Apa ndi pamene vuto lanu la taimingi likulowera, chifukwa zizindikiro za madigiri zinadindidwa pa mkombero wakunjawo. Mkombero ukasuntha, zizindikiro zimanama, ndipo munthu amene akutchera mokhulupirira nyali ya taimingi amachedwetsa moto osadziwa. Moto wochedwa ndiwo umafooketsa injini ndi kuitenthetsa, monga mwafotokozeramu.

Musanaichotse, iyang'aneni pafupi ndi tochi injini itazima. Ming'alu yaing'ono yapamwamba pa rabala imapezeka pafupifupi pa balancer yakale iliyonse, koma ming'alu yakuya, tizidutswa tothothoka, rabala wotuluka kunja ngati lilime mbali imodzi, kapena mkombero umene wayandikira chivundikiro cha taimingi mpaka kusiya mkwasa wonyezimira, zonsezi zikutanthauza kuti yatha. Lizani injini, muime chapatali ndi fani ndi malamba, muone ngati mkombero ukuzungulira mowongoka kapena ukugwedezeka. Kenako jambulani mzere ndi penti yoyera kudutsa chitsulo chapakati, rabala ndi mkombero, muyendetse galimoto masiku angapo. Mzere ukaduka, mkombero ukuyenda.

Mzere wa penti umaonetsa kusuntha kwa lero, koma sunena za kusuntha kumene kunachitika kale. Pofuna kudziwa zimenezo, mufunika kupeza pamene pisitoni ya silinda yoyamba imafika pamwamba penipeni. Chotsani waya wa batire ndi mapulagi onse, ndipo m'bowo la pulagi yoyamba mumange kachipangizo koimitsa pisitoni kotchedwa piston stop. Zungulitsani injini ndi sipanala pang'onopang'ono mpaka pisitoni igunde kachipangizoko, muike chizindikiro pa balancer moyang'anizana ndi cholozera, kachitsulo kosasuntha ka pa injini kamene kamaloza madigiri a pa balancer. Zungulitsani chobwerera mpaka igundenso, muike chizindikiro chachiwiri. Pakati penipeni pa zizindikiro ziwirizi ndi pamene ziro ayenera kukhala. Ngati ziro wodindidwa ali kutali ndi pamenepo ndi madigiri angapo, ndipo cholozera sichinapindike kapena kusinthidwa ndi cha injini ina, mlandu wapezeka. Ndikutsindika kuti muzungulitse ndi manja, chifukwa sitata ingaboole pisitoni pa kachipangizoko.

Kunena zoona, pa injini ya zaka zimenezi yomwe ikuyendabe pamsewu, ine sindidikira kuti mkombero usunthe. Mkombero ukamasukiratu pa liwiro lalikulu umatha kuswa chivundikiro cha taimingi, kudula malamba ndi kuboola radiyeta, ndipo zimenezi zimaposa kutali ntchito yosintha balancer nthawi isanathe.

Pa za balancer ya 1988, yankho ndi lakuti musaiike, ngakhale kuti ilowa pa crankshaft yanu mosavuta. Injini ya 302 siinalinganizidwe kulemera mkati mokha, koma mbali ina ya kulemera kolinganizira ili pa balancer ndi pa flywheel. Pa injini za 289 ndi 302 zoyambirira kulemeraku ndi 28 oz-in (ounce-inch, muyezo wa kulemera kwa mbali imodzi), pamene pa 302 zopangidwa kuyambira cha mu 1981 ndi 50 oz-in. Mukasakaniza, injini idzanjenjemera pa liwiro lililonse ndipo ma bearing sadzakhalitsa. Palinso kusiyana kooneka ndi maso: balancer za mpaka 1969 zili ndi mabawuti 3 a pulley, za 1970 kupita m'tsogolo zili ndi 4, ndipo zizindikiro za taimingi sizili pamalo amodzi. Eni ake a Chevrolet amagweranso mumsampha womwewu, popeza balancer ya injini ya 400 ili ndi kulemera kwa mbali imodzi pamene ya 350 ilibe, koma zonse ziwiri zimalowa pa crankshaft imodzimodzi. Ndipo ngakhale ya 1988 ikanakhala yoyenera, rabala wake nayenso wadutsa zaka 30. N'chimodzimodzi ndi balancer yakale imene sinagwirepo ntchito koma yakhala m'bokosi kuyambira kalekale. Penti yake ingakhale yowala, koma rabala wakalamba ali pashelufu.

Muli ndi njira ziwiri zabwino. Yoyamba ndi kugula yatsopano ya rabala yopangidwira 302 ya 28 oz-in ya mabawuti 3, kuchokera kwa opanga odziwika, chifukwa zina zotchipa zimabwera ndi ziro wolakwika kapena bowo losathina mokwanira. Yachiwiri, ngati mukufuna kusunga manambala oyambirira a galimoto, ndi kutumiza yanuyo kwa akatswiri amene amachotsa rabala wakale n'kuika watsopano atabwezera mkombero pamalo pake. Mitundu ya mpikisano, monga Fluidampr yomwe imagwiritsa ntchito silicone wamadzi kapena ATI yokhala ndi ma O-ring osinthika, imapangidwa mokwaniritsa muyezo wa chitetezo wa magalimoto a mpikisano wotchedwa SFI 18.1, koma pa injini imene sinawonjezedwe mphamvu sindiona kufunika kwake.

Ntchito yambiri imawonongeka pochotsa ndi poika. Chokokera chikhale cha mabawuti olowa m'chitsulo chapakati, osati cha zikhadabo zogwira mkombero wakunja, chifukwa chimenecho chimang'amba rabala. Mukachotsa, onani kiyi (kachitsulo koletsa balancer kutsetsereka) ndi mpata wake pa crankshaft, musinthe seal yakutsogolo, ndipo ngati mukubwezera balancer yokonzedwa, yang'anani khosi lake pamene seal imakhudza. Likakhala ndi ngalande yoti chikhadabo chikodwe, pamafunika sleeve yopyapyala yovekapo, apo ayi oyilo adzadontheranso pa rabala watsopano. Poika, pakani oyilo pakhosipo ndi mankhwala omatira pang'ono mumpata wa kiyi, ndipo mugwiritse ntchito chipangizo chokankhira chokhala ndi bearing. Hamala imavulaza thrust bearing mkati mwa injini, ndipo kukoka balancer ndi bawuti yake yomwe kumadya mazinga oyamba a m'crankshaft. Bawutiyo imangidwe ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) pa muyezo wa m'buku la Ford, womwe pa injini zimenezi uli pakati pa 70 ndi 90 ft-lb.

Mukamaliza, bwerezani muyeso wa piston stop pa balancer yatsopanoyo musanatchere taimingi, ndipo muwerenge manambala a injini yanu musanaitanitse, chifukwa Mustang zambiri za 1968 zinasinthidwa injini m'zaka zapitazi ndipo yanu ingakhale 302 ya m'ma 1980 yofuna 50 oz-in.