Tifunseni za pamsewu: mwana watenga laisensi, ndimupatse makiyi?

Mwana wanga wa zaka 20 wangotenga kumene laisensi. Akufuna ndizimutuma yekha ku Monkey Bay ndi ku Liwonde pa Sienta yathu, koma mtima wanga sukukhazikika. Ndiyambire pati?
*Mayi wa pa Mangochi boma*

Mayi, nkhawa yanu ili ndi maziko. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ngozi zapamsewu ndi zomwe zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 padziko lonse. Mayeso a ku Road Traffic amaona ngati munthu akudziwa zikwangwani, kukhota, kubwerera m'mbuyo ndi kuimika galimoto. Luso loona ngozi isanafike limabwera pang'onopang'ono, munthu akayenda maulendo ambiri.

Choncho musamupatse misewu yonse tsiku limodzi. Masabata oyambirira aziyendetsa masana okhaokha, m'tauni momwemo, inu kapena dalaivala wina wofatsa ali pambali pake. Akazolowera, mupite naye pa msewu wa M10 mpaka ku Makawa, kenako pa M3 mpaka ku Ulongwe. Ali pachiwongolero, azitchula mokweza zomwe akuona: "wakabaza uyo wacheuka, akhota," "mbuzi imodzi yawoloka, zinzake zikubwera," "minibasi yaima, wina atulukira kutsogolo kwake." Akatha mtunda wautali ali chete, dziwani kuti maso ake ali pafupi ndi boneti m'malo moti akhale kutali. Ndi pamenepo pofunika kumukonza.

Za liwiro, mumuuze ndi manambala. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi iliyonse. Kuchokera pamene diso laona mwana pamsewu kufika pamene phazi lagunda buleki pamapita sekondi imodzi kapena imodzi ndi theka, ndiye kuti mamita 22 mpaka 33 apita kale galimoto isanayambe n'komwe kuchepetsa liwiro. Mabuleki amafunanso mamita ena oposa 30 pa tala wouma. Pa liwiro la 50, zonsezi pamodzi zimathera m'mamita 30 mpaka 35, pafupifupi theka. N'chifukwa chake pa malo a msika, pasukulu, kapena pafupi ndi mzikiti Lachisanu anthu akutuluka ku mapemphero, ayenera kutsika pa 50 ngakhale chikwangwani palibe. Pakati pa iye ndi galimoto yakutsogolo azisiya masekondi atatu: yakutsogoloyo ikadutsa mtengo, iye awerenge mpaka 3 asanafike pamtengo womwewo. Kukagwa mvula awonjezere kawiri.

Pali zinthu zinayi zomwe ife sitinganyengerere mwana ayi. Lamba amange aliyense, a kumbuyo omwe, galimoto isananyamuke. Foni ikhale m'chikwama, chifukwa kuwerenga uthenga kwa masekondi anayi pa 80 ndi kuyenda mtunda wotsala pang'ono kukwana bwalo la mpira osayang'ana msewu. Mowa asalawe n'komwe. Ndipo miyezi yoyambayi asanyamule anzake odzaza galimoto popita kunyanja, popeza phokoso ndi kufuna kudzionetsera n'zomwe zimachititsa wachinyamata kupitirira lole pamzere wosadukiza. Ulendo wausiku ukhale womalizira kumulola.

Ndikutsika phiri la Chowe kuchokera ku Namwera, ndinamva fungo la chinthu chopserera, ndipo buleki inkalowa pansi osagwira bwino. Galimoto ndi ya automatic. Chinavuta n'chiyani?
*Mnyamata wa ku Namwera*

Achimwene, munawotcha mabuleki, ndipo mwayi ndi wanu kuti munafika pansi. Buleki imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Mukaiponda mosalekeza pamtsetse wautali, mapadi amatentha mpaka kuyamba kuterera pa disiki, ndipo fungo lija limachokera pamenepo. Kulowa pansi kwa buleki ndi vuto lachiwiri. Brake fluid, yomwe ndi mafuta a mabuleki, imayamwa chinyezi ikamakalamba, ndipo ikatentha kwambiri imawira n'kupanga nthunzi m'mapaipi. Nthunzi imafinyika, ndiye phazi limangopita pansi popanda mphamvu yofika ku matayala.

Sankhani giya musanayambe kutsika, osati galimoto itathamanga kale. Pa automatic chotsani pa D muike pa 2, S, L kapena B, malinga ndi zomwe zalembedwa pa galimoto yanu. Wa manual aike giya yachiwiri kapena yachitatu, phazi lichoke pa klatchi. Injini ikweza mawu, musaope, ndiyo ikugwira galimoto. Buleki muziiponda mwamphamvu kwa kanthawi musanafike pokhota, liwiro likatsika n'kuisiya kuti izizire.

Ena amaika pa nyutulo kapena kuzimitsa injini kuti apulumutse petulo. Chonde musayese. Injini ikazima, mphamvu yothandizira buleki imatha mukangoponda kawiri kapena katatu, chiwongolero nacho chimalemera.

Zikachitikanso, pondani ndi kusiya buleki mofulumira kangapo, tsitsani giya imodzi imodzi, kenako kokani handibuleki pang'onopang'ono mutapanikiza batani lake kuti matayala akumbuyo asamangike. Mukaima, dikirani theka la ola ndipo musathire madzi pa disiki yotentha, imapindika. Musanakwerenso phirilo, makaniko aone mapadi ndi kusintha brake fluid. Ambiri opanga galimoto amati isinthidwe pakatha zaka ziwiri zilizonse.

Usiku magetsi a galimoto zobwera kutsogolo amandithobwa m'maso. Anzanga amati nane ndiziwabwezera fulu.
*Mtsikana wa ku Monkey Bay*

Achemwali, mukabwezera ndiye kuti osaona akhala awiri pamsewu umodzi. Dalaivala wobwerayo muphethireni kamodzi kumukumbutsa, inu mukhale pa dimu, maso muwatsitsire kumphepete kwa msewu kumanzere kwanu, ndipo chepetsani liwiro nthawi yomweyo. Kumanzereko n'kumene kumakhala njinga zopanda nyale, ngolo ndi anthu oyenda pansi. Dimu imaunika mamita pafupifupi 50 okha, pamene pa 80 mumafuna oposa amenewo kuti muime. Pa dimu musapyole 60, ndipo podutsa m'midzi tsikani kuposa pamenepo. Galasi lakutsogolo muzilipukuta mkati ndi kunja musananyamuke, chifukwa fumbi ndi mafuta a m'manja zimamwaza kuwala. Mukaona nthambi za mitengo zitayalidwa pamsewu, kutsogoloko kwafa galimoto, kawirikawiri yopanda nyale iliyonse. Ngati kuthobwako kukupitirira ngakhale mwachita zonsezi, kapimitseni maso kuchipatala musanayendetsenso usiku.